Khutu Limodzi Ndi la Anthu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinagula chinthu choyamba ndi thukuta langa, ndipo chinthu chimenecho chinatsala pang'ono kunditayitsa achemwali anga, Asiyatu.

Tinkakhala kumunsi kwa boma la Mangochi, m'mbali mwa Shire. Tchuthi chonse ndinkayanika usipa pamathandala a Abiti Saidi, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, mpaka zala zanga zinkanunkha nsomba ngakhale ndisambe ndi sopo. Anzanga atalandira malipiro anagula nsapato. Ine mtima wanga unali pa kawailesi ka MP3 kamene ndinakaona kumsika: kabuluu, kochepa ngati bokosi la machesi. Mnyamata wogulitsayo anandiikiramo nyimbo pakompyuta, n'kundipatsa mahedifoni a zingwe zoyera.

"Ukavala awa, mlongo, dziko lonse umaliiwala," anatero. Iye ankangotsatsa malonda, koma ankanena zoona.

Pobwerera ndinakamangirira pangodya ya chitenje, mtima ukugunda ngati ndaba. Bambo sankafuna nyimbo zovina pakhomo pawo. Koma ndinapeza nzeru msanga. Ife atsikana a kwathu timafunda mpango kumutu, ndiye kawailesiko ndinkakabisa m'bulauzi, zingwe n'kuzidutsitsa kunsi kwa mpango. Ndinkasesa pabwalo nyimbo zili ngwee m'mutu, amayi n'kumandiyamikira kuti ndachepetsa ulesi.

Achemwali anandigwira pasanathe sabata. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, amtima wapachala, ndipo sankapempha kanthu kawiri. Anati ndikafuna kuti bambo asamve, kawailesiko tizikamvera mosinthana. Ndinavomera, nanga ndikanatani?

Kwathu tinkachapira padooko, ndipo dooko linali ndi malamulo ake omwe mwana aliyense ankawadziwa asanadziwe kuwerenga. Supita wekha. Sufulatira mabango. Pochapa muzilankhulana, ndipo wina akakuwa sufunsa kuti n'chiyani, umangothawira kumtunda. Ng'ona za mu Shire zinatengapo anthu a m'mudzi mwathu, ndipo mayina awo ankatchulidwa motsitsa mawu. Chomwe chinkatisunga padooko sichinali mpanda kapena mfuti ayi, anali makutu a wina ndi mnzake.

Tsiku limenelo linali Loweruka m'mawa, nyengo ya mvula, madzi ali bii ndi matope. Ine ndinali kumtunda ndikuyanika zovala paudzu. Achemwali analowa m'madzi mpaka m'mawondo kukatsukuluza chitenje cha amayi, patali pang'ono ndi azimayi ena. Ndinkadziwa kuti avala mahedifoni chifukwa mutu wawo unkagwedezeka pang'onopang'ono. Palibenso wina ankadziwa.

Abiti Saidi ndiwo anayamba kuiona.

"Ngwena! Ngwena!" anakuwa m'Chiyao, kutanthauza ng'ona.

Azimayi anataya mabeseni n'kuthawira kumtunda, madzi ali phwaphwaphwa. Ndinayang'ana komwe ankaloza. Pafupi ndi mabango panali kanthu ngati chikuni chowola, koma chikuni sichiyenda molimbana ndi madzi. Chinkabwera mosapupuluma, chikusiya mzere kumbuyo, kulunjika kwa munthu mmodzi yekha amene anatsala m'madzimo.

"Asiyatu! Tuluka, mwana iwe! Asiyatu!"

Dooko lonse linakuwa. Ena ankamenya ndowa, ena ankatchula dzina la Allah. Achemwali anapitiriza kutsukuluza, atawerama, milomo ikuyenda motsatira nyimbo. Azimayi aja sankamvetsa. Ndinamva wina akuti, "Amulodza mwanayu!" Ine ndekha ndinkadziwa chimene chawatseka makutu, ndipo ndinadziwanso kuti ngakhale tikuwe mpaka mawu kutha, sangatimve.

Mantha amenewo sindinawamvenso m'moyo mwanga. Ndinafuna kuthamangira m'madzimo koma Abiti Saidi anandigwira chitenje. Ndinaona amayi m'maganizo mwanga akundifunsa kuti mkulu wako ali kuti. Kenako ndinaona mwala pansi, umene tinkapsinjira zovala kuti zisauluke. Ndinautola n'kuuponya ndi mphamvu zanga zonse.

Unawamenya paphewa. Anadzuka mwaukali n'kutembenuka, ndipo atandiona dzanja lili m'mwamba, nkhope yawo inasintha. Sanaone ng'ona. Anaona mng'ono wawo wamwano.

"Iwe Zainabu! Lero undidziwa!"

Anatuluka m'madzi mothamanga kudzandimenya, akukoka chitenje chija kumbuyo. Atangoponda mchenga, madzi anaphulika. Chitenje chinatsomphoka m'manja mwawo, iwo n'kugwa chafufumimba. Tinaona mchira waukulu ukumenya madzi kamodzi, kenako nsalu ya amayi ikumira. Basi, madzi anakhalanso bata ngati palibe chachitika.

Padooko panali zii. Achemwali anali atakhala pamchenga, mpango utagwa, magazi akutsika paphewa. Zingwe zoyera zija zinali lende pachifuwa, ndipo m'chetechete uja tonse tinamva kawailesi kakuimbabe, kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu.

Abiti Saidi anatiperekeza kunyumba, atanyamula kawailesiko ndi zala ziwiri. Njira yonse ndinkayembekeza chikwapu. Amayi anamvetsera nkhani yonse. Anatsuka bala la achemwali, analimanga, kenako anawakumbatira nthawi yaitali, akulira mopanda mawu. Atatha anandiitana.

"Kameneka n'kako?"

"Eya, amayi."

"Unakagula ndi ntchito yako?"

"Eya."

Anatenga mpeni wotumbulira nsomba. Ndinaganiza kuti akakaswa. Koma anayala zingwe zija pathabwa n'kudula mbali imodzi yokha, n'kundibwezera chotsalacho.

"Nyimbo sindikuletsa," anatero. "Koma khutu limodzi ndi lako, linalo ndi la anthu. Munthu sukhala wekha padziko."

Kawailesiko ndinakhala nako mpaka kanafa kokha, ngakhale kuti kwa miyezi yambiri ndikakayatsa ndinkaona mzere uja pamadzi, n'kukazimitsanso. Bambo anamva nkhaniyi kwa amayi, ndipo atayang'ana chingwe chodulidwacho anandisiyira kawailesiko.

Lero ndimagwira ntchito m'tauni, ndipo m'minibasi ndimakhala pakati pa anthu otseka makutu onse awiri. Sindiwaweruza, kukoma kwake ndimakudziwa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anandilanga. Tsopano ndimaona kuti anandibwezera pakati pa anthu, pamene wina akakuwa umamva. Mahedifoni anga ndi atsopano, koma limodzi limangolendewera pachifuwa, ndipo anzanga amandiseka.

Achemwali ali ndi ana anayi ku Malindi. Chipsera chija chidakalipo paphewa. Ana akawafunsa, amaloza ine n'kunena kuti, "Amayi anu aang'ono amwanowa ndi amene anandigenda." Onse amaseka. Ine ndimayesa kuseka nawo, koma ndimangowayang'ana anawo mmodzimmodzi, podziwa kuti mwala uja ukanaphonya, pabwalopo sipakanakhala aliyense wa iwo.