Mizere Imene Sindinagalauze

Ndikukumbukira kuti kumene ndinakulira, m'mapiri a ku Dowa, anthu anali a mitundu iwiri yokha: apamsewu ndi akumtunda. Apamsewu anali aja okhala pa Chisepo, pafupi ndi msika, chigayo ndi mjigo. Akumtunda tinali ife a kuseri kwa phiri, kumene munthu ankayenda maola awiri kuti akagule mchere. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo ukafufuza bwino tonse tinali pachibale, koma kunyozana kwake kunali kosatha. Iwo ankati ife timanunkha utsi ndipo tikamva hutala ya galimoto timathawira m'chimanga. Ife tinkati iwo ndi anthu ogula nkhuni, ogula ngakhale chisoso chimene kwathu mbuzi zinkachiponda, ndipo mlendo akawafikira amangoyang'ana dzuwa kuti achoka liti. Lamlungu popita ku Misa tinkanyamula nsapato m'manja, n'kukasamba mapazi pakamtsinje tisanalowe pamsika. Ana apamsewu ankatidikirira pomwepo kuti atiseke.

Mkangano umenewu unalowa mpaka m'nyumba mwathu. Bambo anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, mmisiri wa matabwa wa manja abwino ndi mtima wosachedwa kupsa. Ankati kumtunda luso lawo likuola, chifukwa munthu wakumeneko amagula chitseko chimodzi moyo wake wonse. Anali ndi chifukwa chinanso chimene sankachitchula kawirikawiri. Mlongo wanga wamng'ono anatsirizikira kumsana kwawo, akuthamanga naye kuchipatala m'nyengo ya mvula. Kuyambira pamenepo phiri lija ankaliyang'ana ngati mdani.

Amayi, a Nabanda, anali ndi munda. Unali wa katondo wofiira, wotsetsereka kuchokera pachulu chachikulu mpaka kudimba, ndipo anasiyiridwa ndi amayi awo monga mwa mwambo wathu. M'mwamba ankadzala chimanga ndi mtedza, m'munsi kachewere ndi nyemba. Mvula yoyamba ikagwa dothi lake linkanunkhira mpaka pakhomo. Amayi sankadziwa kulemba dzina lawo, koma ankadziwa mzere uliwonse wa m'munda umenewo, pomwe madzi amakonda kudula ndi pomwe chiswe chimavuta. Bambo akayamba za pamsewu, iwo ankangoti, "Kumeneko tikadya malata?"

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali mbali ya bambo ndi mtima wonse. Sikuti ndinkaganiza za chipatala ayi. Ndinkafuna mandasi, ndinkafuna kuonera kanema m'kachipinda kaja ka pamsika, ndinkafuna kuvala nsapato kuyambira pakhomo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusi wa zaka khumi ndi ziwiri mwambi samva.

Chaka china fodya atachita bwino, bambo anapeza malo kuseri kwa chigayo n'kuumba njerwa. Kenako anagwira nkhuku, napita kwa malume a Gelevazio, mlongo wamkulu wa amayi amene ankayang'anira mbumba yathu, kukapempha chitengwa, ndiye kuti chilolezo chochotsa mkazi pamudzi pawo. Malume anali munthu wofatsa, wolankhula akusenda nzimbe. Nkhuku analandira.

"Mkazi mutenge, alamu, ndi wanu," anatero. "Koma munda sunyamulika. Azibwera kudzalima. Mundawo ukagona, mbumbayi ili ndi pakamwa pambiri."

Amayi anagonja, koma anapempha chinthu chimodzi, chakuti nyumba yathu itsale ndi denga. Kwathu nyumba ya denga imanena kuti mwini wake wangochokapo, abwera. Bambo anakana. Malata khumi ndi awiri a padengapo anawagula ndi thukuta lawo, ndipo sakanawasiyira makoswe. Ndimakumbukirabe tsikulo. Munali mu Ogasiti, mphepo ikuwomba ndi fumbi, ndipo msomali uliwonse pozuka unkalira mokweza mpaka agalu kuuwa. Anthu anaima chapatali manja kumbuyo, popanda wothandiza. Pofika masana dzuwa linkawala m'chipinda chimene ndinabadwiramo, ndipo makoma akuda ndi mwaye anaonekera kwa aliyense. Amayi anakhala pamtondo chopenya kumbali. Ine ndinakwera pamwamba pa ngolo ngati mkwatibwi, ndipo podutsa pakhomo pa amayi aang'ono ndinakuwira mwana wawo Teleza, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, kuti atsale ndi anyani akewo. Teleza analira. Ine ndinaseka mpaka kumtsinje.

Pamsewu sanatilandire ndi nthungululu. Nyumba yathu inkanjenjemera ndi chigayo kuyambira m'mawa, ndipo zovala zonse zinkayera ndi fumbi la ufa. Kumjigo ndowa yanga ankaibweza kumbuyo, amvekere akumtunda anazolowera kudikira. Tikapita kwathu kumaliro, akumeneko ankatifunsa ngati tikukumbukirabe kukhala pansi. Tinali akumtunda kwa apamsewu, apamsewu kwa akumtunda. Ine ndinalimbikira kuti dzina loyambalo lindichoke. Ndinasintha kayendedwe, ndinasiya kugwada popereka moni kwa anthu a pamsika, ndipo pamapeto pake Joyisi, mwana wa mwini golosale, anayamba kundilola kukhala naye benchi imodzi kusukulu. Kwa ine umenewo unali ufumu.

Chaka choyamba amayi anasunga mawu a malume. Ankanyamuka kusanache bwino ndi khasu paphewa, n'kubwera madzulo miyendo ili psuu ndi katondo. Azimayi a pamsika ankawalozerana kuti taonani wa pamsewu wolima kuphiri. Amayi ankangopitiriza ulendo wawo. Chimanga chimene tinadya chaka chimenecho chinatsika phiri pamutu pawo.

Chaka chachiwiri anali oyembekezera. Pofika Okutobala mapazi anatupa moti ngakhale kumjigo ankapumira panjira. Bambo anali ndi ntchito ya mafelemu yofunika msanga, komanso ananeneratu kuti sanasamukire pamsewu kuti azikwera phiri ndi khasu. Tsiku lina amayi anandiitana kuseri kwa nyumba kumene ankapeta.

"Agnesi, mwanawe, sindikuti ukalime munda wonse," anatero. "Loweruka ukangogalauza mizere ingapo m'mphepete mwa njira, pomwe anthu amadutsa. Aone dothi latsopano, adziwe kuti mwini wake alipo. Kwinako ndikatsiriza ndekha ndikachira."

Ndi mmene zimakhalira kwathu. Mizere khumi yatsopano imalankhula kuposa kalata. Ndinali wamphamvu, kulima ndinkakudziwa, ndipo ntchitoyo sikanafika ngakhale masana. Ndinavomera.

Vuto linali lakuti Loweruka linali tsiku la msika, ndipo njira yakumtunda inkadutsa pakati penipeni pa msikawo. Nditatuluka ndi khasu, mbatata yophika ili m'kansalu, ndinaona Joyisi ndi anzake atakhala pakhonde la golosale akumangana tsitsi. Sanandione. Ndinaima kuseri kwa chigayo, ndikumva kale mmene adzandiyimbire Lolemba kusukulu. Kunali kotheka kuzungulira kudambo, ndipo ndimadzida chifukwa njira imeneyo ndinkaidziwa. Koma ndinalowetsa khasu m'mulu wa njerwa zosweka, n'kupukuta m'manja, n'kupita pakhonde paja. Mbatata ya amayi tinagawana. Dzuwa litapendeka ndinapita pankhuti pomwe anthu ankakumba dothi lozirira, ndinadzipaka katondo m'miyendo ndi pakhasu, n'kubwerera kunyumba ndikutsimphina pang'ono.

Amayi anali atanditenthetsera madzi osamba. Anandifunsa mizere ingati, ndinati khumi ndi iwiri. Anandifunsa ngati chulu chija chakula, ndinati chakula. Ananditsuka kumsana ndi manja awo, mimba ikuwalepheretsa kuwerama, akundiyamika kuti ndine mwana wamkazi weniweni. Ndinachita zimenezi Loweruka katatu. Ulendo wachitatuwo sindinkamvanso n'komwe mantha, ndipo ndinawonjezera kuti malume apereka moni.

Mvula inagwa, mwana anabadwa, wamwamuna. Kumtunda sikunabwere munthu kudzaona khandalo, koma amayi ankati ndi chifukwa cha mitsinje yodzaza. Atapezako mphamvu, anabereka mwana, natenga mbewu ya nyemba, nati tiyeni tikaone mizere ya mwana wanga, mwina nyemba tingapezebe. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinkayenda kumbuyo kwawo ndikupempha Mulungu kuti mtsinje utibweze. Mtsinje unali wochepa, tinawoloka.

Tinayamba kufika pabwinja pathu. Makoma awiri anali atagwa ndi mvula, ndipo m'chipinda muja munamera bonongwe wofika m'chiuno. Amayi sanaime. Titatulukira pachulu, munda wonse unali wobiriwira ndi fodya wa masamba aakulu, wopaliridwa bwino kuchokera kumtunda mpaka kudimba. M'katimo munali amayi aang'ono ndi amuna awo. Teleza anaweramuka, natiyang'ana, n'kuweramanso.

Malume anatilandira pansi pa mtengo wa mango, ndipo sanakweze mawu.

"Tidadikira, alongo, mpaka mvula yachiwiri. Nyumba mudasasula, m'munda simudapondemo, ngakhale mzere umodzi. Ife tidati mwatsanzika. Ang'ono anuwa ali ndi ana asanu, nthaka ikanangogona?"

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane nthawi yaitali. Anayang'ana nkhope yanga, kenako manja anga osalala opanda thuza, n'kubwezera maso kwa malume.

"Mwanayu ndidamutuma," anatero, "koma adadwala malungo. Kulakwa n'kwanga, ndikadatumiza mawu."

Malume anati pepani, koma zadzalidwa zadzalidwa. Aliyense ankadziwa kuti munda umene wina wathiramo feteleza ndi thukuta subwerera chaka chamawa, ngakhale chinacho. Tinatsika phiri mbewu ya nyemba ija ili chimangire. Ndinkadikira mbama, ndinkaifuna n'kuifuna, koma sinabwere. Pamtsinje amayi anayamwitsa mwana, nandiuza kuti ndiwatungire madzi akumwa. Kunyumba bambo atamva anangoti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, tsopano mitima ikhale pamsewu. Za khasu lija amayi sanawauze.

Amayi anakhala pamsewu zaka zambiri pambuyo pake, koma sanakhalepo wapamsewu. Ankalima ganyu m'minda ya eni ake, ankagulitsa tomato wa anthu ena pamphasa, ndipo nthawi yokolola ankapita kukakunkha mtedza. Munthu amene ankagawira mudzi wonse mbewu ya kachewere anafika pogula chimanga cha m'mbale. Sanandinenepo choipa. Anandiphunzitsa sukulu ndi tomato yemweyo, ndipo ndikabwera ku holide ankanditenthetsera madzi monga kale. Ndikanakonda akanandikalipira tsiku limodzi, mwina ndikanapeza polowera kupepesa. Ndinazengereza chaka ndi chaka mpaka anamwalira ndisananene.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Njinga zamoto zimakwera phiri lija kangapo patsiku, ndipo mayi woyembekezera amafika kuchipatala madzi a tiyi asanawire. Kumtunda kuli masola pamadenga, kuli mafoni, ndipo Teleza anamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi kachewere wa m'munda uja. Apamsewu aja, ana a ogolosale omwe, ndi amene amakwera tsopano chipewa m'manja kukapempha pobwereka kuti adzaleko soya. Kunyozana kokha ndiye sikunathe, kunangosamukira pagulu lathu la pafoni, kumene akumtunda amatumiza zithunzi za matumba kuti apamsewu apse mtima. Ine ndimangowerenga. Ndimakhala m'nyumba ya lendi ku Mponela, ndipo ndiwo zamasamba ndimagula.

Sindiimba mlandu malume, ndipo bambo ndinawamvetsa nditabereka anga. Mkwiyo wanga uli pa mtsikana uja amene anasinthanitsa nthaka ya amayi ake ndi malo pabenchi. Joyisi ndinakumana naye m'minibasi zaka zapitazo, ndipo dzina langa anachita kundifunsa.

Amayi atamwalira, mwambo unati akagone kwawo. Tinawakweza phiri, anthu akumtunda anawalandira ndi nyimbo, ndipo adzukulu anawakumbira m'katondo wofiira, kutsidya kwa dimba. Ana anga akandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, ndimawatengera pamenepo. Chaka chilichonse mvula isanagwe ndimakwera ndi khasu, kudutsa pakati pa msika, n'kukalambula pamanda paja, chifukwa ndi malo okhawo amene amayi anatsala nawo kumtunda.