Lachinayi la Empanada Ziwiri

Ndinaphikira anthu pansi pa nyanja zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mwa onse amene anadya za m'manja mwanga, wondisowetsa mtendere mpaka lero ndi bwana Evaristo Sanhueza. Anamwalira mwezi wathawu kuno ku Talcahuano, nyuzipepala osawalemba n'komwe.

Anali mwana wa kumigodi ya malasha ku Lota. Bambo awo anafa ndi chifuwa, mapapo atadzaza fumbi, ndiye mayi awo analumbira kuti mwana wawo sadzalowa pansi. Anamulimbikira sukulu mpaka analowa usilikali wa panyanja. Atangomaliza maphunziro, mwana uja anasankha sitima zoyenda pansi pa madzi. Mayiwo ankadandaula kuti anamuvuula m'dzenje louma iye n'kukadziponya m'lonyowa.

Maofesala anzawo ambiri anali ana a mpondamatiki, oti bambo kaputeni, agogo kaputeni. A Sanhueza analibe wowakankha kumbuyo. Chimene anali nacho ndi makutu. Pansi pa nyanja palibe zenera, munthu umaona ndi khutu, ndipo iwo ankasiyanitsa boti la asodzi ndi namgumi anzawo asanamve kanthu. Ngakhale supuni ikagwa kukhitchini kwanga ankatulukira n'kundidzudzula. Sindinganame, ankatopetsa. Koma khumbo lawo tonse tinkalidziwa: kudzakhala kaputeni wa sitima yawoyawo. Kawiri konse anawadumpha, n'kukweza ana aja.

M'sitima mwathu tinali ndi mwambo. Tisananyamuke ulendo wautali, aliyense ankasayina kapepala: kunyumba kukagwa zovuta, akuuze uli panyanja, kapena udikire pofika? Wolemba inde ankauzidwa, ndipo kukatheka ankamutsitsa pa doko lapafupi. Wolemba ayi, uthenga wake unkatsekeredwa m'kabati ya kaputeni mpaka tsiku lobwerera. Ambirife tinkalemba ayi. Ungalire bwanji m'chitini cha anthu makumi anayi, mnzako akugona mkono umodzi kuchokera pamphuno pako?

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi anapatsidwa mwayi womaliza: ulendo wa milungu isanu ndi umodzi ngati wachiwiri kwa kaputeni, kaputeniyo akuwayesa pa chilichonse. Kutsika panjira kunali kulephera, ndipo msinkhu sukanawalolanso kubwereza. Akazi awo, mayi Nolfa, ankavutika ndi mtima chaka chimenecho, koma ndi amene anawasitira yunifolomu n'kuwauza kuti apite. Anatsala ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Griselda, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pakapepala paja a Sanhueza analemba ayi, monga mwa nthawi zonse.

Pansi pa madzi masiku amasokonekera, ndiye anthu ankawadziwira kwa ine. Lachinayi lililonse ndinkaphika empanada, chakudya changati samusa choika nyama ndi anyezi m'kati, imodzi pa munthu, ndipo Lachinayi lililonse a Sanhueza ankayamba ndewu.

"Froilán, mbava iwe, nyama watumiza kwa mkazi wako, muno ndi anyezi yekhayekha. Wonjeza ina."

"Bwana, nyota zili paphewa, m'mimba mulibe. Imodzi basi."

Zaka khumi ndi ziwiri tinkatero, ndipo sindinawawonjezerepo ngakhale kambatata.

Mlungu wachitatu, Belarmino wa pawailesi anabwera kukhitchini ngati akufuna madzi, n'kundinong'oneza kuti mayi Nolfa agonekedwa m'chipatala, madokotala akuti ndi nkhani ya masiku. Kaputeni anatsata kapepala, uthenga n'kuutsekera. Koma m'chitini mulibe chinsinsi. Pofika mawa lake aliyense ankadziwa, ndipo anthu anayamba kuwapatukira a Sanhueza m'kanjira mwaulemu wachilendo. Tinali ulendo wa masiku awiri kuchokera kudoko la Puerto Montt.

Lachinayi litakwana, chisoni chinandipusitsa. Ndinaika empanada ziwiri m'mbale mwawo asanapemphe. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine, sanandinene kuti mbava. Anadya zonse ziwiri, anapukuta pakamwa, n'kubwerera kuntchito.

Patapita masiku asanu ndi limodzi uthenga wachiwiri unafika, nawonso unalowa m'kabati. Tikulowa padoko pomaliza ulendo, kaputeni anawaitana, anawauza kuti akhoza mayeso, kenako n'kuwapatsa mapepala awiri aja. Griselda anali ataima pagombe atavala zakuda. Mayi ake anali atawaika kale, mothandizidwa ndi azakhali ake.

Mtsikanayo anatha chaka osalankhula ndi bambo ake. Chinamubweza ndi mawu a kaputeni, amene anapita yekha kukamulumbirira kuti bambo ake sanadziwe kanthu. A Sanhueza sitima anaipezadi, anaiyendetsa zaka ziwiri zokha, kenako anawakhazika pa desiki kusanthula mafayilo mpaka kupuma. Sanakwatirenso. A Sanhueza atafa ziwalo mbali imodzi, Griselda anasiya uphunzitsi ku Temuco n'kubwera kudzawasamalira. Zaka zisanu ndi zinayi akuwanyamula, kuwasambitsa, kuwameta ndevu. Ine ndinkapita Lamlungu masana, tizitukwana maofesala a masiku ano.

Lamlungu lomaliza, Griselda atapita kumsika, anandikoka malaya ndi dzanja lamoyo lija.

"Froilán, iwe sunandiwonjezerepo chakudya chibadwire. Unkaganiza kuti ndine chitsiru?"

Ndinati sindikukumbuka zimene akunena.

"Usandinamize, ndakalamba. Nditaona mbale ija ndinadziwa kuti ndi Nolfa. Chitseko cha kaputeni chinali pomwepo, ndikanangogogoda. Ndinawerenga ndili pampando: masiku awiri kufika kudoko, tsiku limodzi pabasi. Ndikanamupeza ali moyo. Ndinadya zonse ziwiri kuti iwe usaone kuti ndadziwa."

Anandifunsa ngati amuuze Griselda. Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Munthu wasunga chinthu zaka zonsezi, lero akufuna kuchitula pamutu pa mwana amene wathyoka msana pomunyamula, kuti iye apite wopepuka? Ndinawauza kuti achedwa nazo, afe nazo. Anangoti, "Chabwino, khukhi," ngati wamkulu ndi ine. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo Lachitatu lake anamwalira.

Kumanda kunabwera asilikali asanu ndi mmodzi ndi mbendera, ana oti sitima ija sanaionepo, poti anaidula kalekale n'kuigulitsa ngati zitsulo. Anthu atabalalika, Griselda anandiperekeza kukakwera basi. Tsitsi lake layamba imvi. Tili pa siteji anandigwira mkono.

"Amalume, inu munali momwemo. Kaputeni uja mwina ankangoteteza mnzake. Ndiuzeni inu. Ababa sanadziwedi?"

Ndinaphikapo nyama yoti yayamba kununkha n'kuuza anthu kuti ndi yatsopano, koma bodza silinandilemerepo ngati tsiku limenelo. Ndinati, "Sanadziwe, mwana wanga. Palibe anawauza."

Anapumira m'mwamba n'kutsamira chitsulo cha pa sitejipo. Anati zaka zonse zimene ankawasambitsa ankafuna kuwafunsa, koma ankaopa kuti yankho likakhala lina sadzathanso kuwagwira. Basi inafika, ine n'kuponda sitepe, koma iye anali asanandisiye mkono.

"Masiku atatu omaliza amayi ankangoyang'ana kuchitseko," anatero. "Munthu akangolowa ankadzutsa mutu. Ine ndinkawauza kuti ababa sakudziwa, akanadziwa akanabwera. Ndiye kuti sindinawanamize."