Kadera Imene Ndinakhalira ku Malowera

Amuna anga sanali mmisiri woti anthu n'kumamulemba ntchito. Anali mlimi ngati ife tonse a ku Chiputo, wa chimanga, mtedza ndi timbuzi tochepa. Koma pochokera ku Zambia, kumene makolo awo anathawira nkhondo iwo ali mwana, anabwerako ndi serote yochekera matabwa ndi pulaina yosalazira, zimene anawasiyira amalume awo. Tsiku limene anadzalowa chikamwini pamudzi pathu, zovala zawo zonse zinali m'kathumba kamodzi, koma zida ziwirizo anazikulunga bwinobwino m'chiguduli ngati khanda.

Tikatha kukolola ankakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba n'kumapala. Pakamwa anali munthu wolemera, mawu okoma sankawadziwa. Iwo ankangoyang'ana chimene chikundivuta pakhomo. Ataona kuti nkhuku zikuponda mbale, anakhoma thandala. Mthiko wanga utathyoka, m'mawa mwake ndinapeza wina uli pachitseko. Anandipangira kasha yosungiramo zitenje kuti mbewa zisamadye, ndipo mwana wathu woyamba, wamkazi, anaphunzira kuyenda akukankha kangolo ka magudumu atatu kamene bambo ake anasema ndi mtengo wa mkuyu. Kankalira kwiii, kwiii, mudzi wonse n'kudziwa kuti mwana wadzuka.

Ndili ndi pakati pachitatu msana unandivuta kwambiri. Pamphasa ndinkalephera kudzuka, pampando wa ndalema ndinkalephera kukhala. Tsiku lina anandiuza kuti nditsamire khoma, nayamba kuyeza msana wanga ndi chikhatho.

"Mukundiyeza bokosi kodi?" ndinawafunsa ndikuseka.

"Khalani chete, mayi, mundisokoneza."

Anatenga matabwa a mlombwa amene ankawasunga kudenga, napanga mpando, kadera yaifupi yotsamira chagada. Miyendo yakumbuyo anaifupikitsa pang'ono, ndipo sanakhomemo msomali, anangolumikiza ndi tizikhomo ta mtengo. M'mphepete anapalamo ndi phale la botolo kuti chitenje chisakodwe. Azimayi anzanga ankabwera kudzaiyesa, n'kumati, "Iwe unakwatiwa, ife tinangotengedwa."

Ana atakula, anayamba kumanga timipando ndi zipande panjinga, ati akukagulitsa ku Malowera. Ankatha masiku angapo kumeneko. Njira ndi yaitali, ndiye sindinaganize kanthu. Chimene ndinaona n'chakuti matabwa a kudenga akutha, koma m'nyumba mwathu simukulowa chatsopano.

Chilimwe china kunagwa maliro a azakhali anga kufupi ndi Malowera. Amuna anga anatsala ndi mbuzi, ine ndinakwera kamiyau, galimoto ya katundu, ndi mng'ono wanga. Titaika maliro, tikubwerera kumsewu dzuwa lili paliwombo, tinapatukira pakhomo pena kupempha madzi. Panatuluka mtsikana wamsinkhu wosasiyana kwenikweni ndi mwana wanga woyamba, ali ndi pakati potopa. Anatilonjera mwaulemu, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kadera.

"Khalani apa, amayi, mwatopa."

Ndinakhala. Msana wanga unaidziwa maso asanaione bwino. Inali yaifupi, yotsamira chagada. Ndinapititsa dzanja pansi, ndinakhudza tizikhomo ta mtengo. Pakhonde panali kangolo ka magudumu atatu, katsopano, kosakhudzapo fumbi.

Mng'ono wanga ndiye anafunsa. "Kadera yabwino chonchi munaigula kuti?"

"Sitinagule ayi," anayankha mtsikanayo akumwetulira. "Anandipangira bambo a kunyumba kuno, msana umandivuta. Ndi a ku Chiputo, amabwera mwa apo ndi apo. Akuti ndi akazi awo oyamba ukwati unatha kale. Onani, mwana sanabadwe koma apangiratu kangolo."

Ndinamwa madziwo mpaka kutha, ndinabweza chikho ndi manja awiri, ndinathokoza. Sindinamuuze kuti ndine yani. Analibe mlandu mwana uja, ndipo ndinaopa kumudzidzimutsa ali m'masiku otere. Tinayenda mpaka nyumba ija itabisika ndi mitengo. Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamanda a azakhali.

Nditafika kwathu ndinawapeza pansi pa mango, akupala thabwa la chitseko cha khitchini chimene ndinakhala ndikupempha chiyambire dzinja.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Ndayenda bwino. Ndakhalira kadera yanu ku Malowera."

Pulaina inaima. Sanadzutse mutu.

"Munamuyeza msana ndi chikhatho ngati ine?"

Anayamba kuchotsa zipalo zimene zinatsekera m'pulaina. Kenako anati, "Ndimafuna ndikuuzeni mwana akabadwa."

"Mwamuuza kuti ukwati wathu unatha. Unatha liti, poti ine sindinamve?"

Ndikanakonda akanakalipa kapena kunama, ndikanapeza pogwira. Koma anangokhala, manja ali pathabwa.

Ankhoswe anakumana. Akugereja, akuluakulu a mpingo, nawo anabwera, nanena kuti mitala siloledwa, asankhe. Amalume anga anawafunsa katatu konse ngati pali chimene ndinawalakwira, iwo anati palibe, mkazi uyu sanandilakwire kanthu. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Pomaliza anati sangasiye munthu ali ndi pakati. Anamanga zovala panjinga, nakulunga serote ndi pulaina, natsika njira ya kudambo. Ana aamuna anathawira kumbuzi kuti asaone. Wamkazi anaima pakhomo osagwetsa msozi, ndipo mpaka lero dzina la bambo ake salitchula.

Masiku oyamba ndinafuna kutentha zonse. Ndinatulutsa kadera yanga, ndinaiika pabwalo, nkhwangwa ili m'manja. Koma ndikayamba ndi kadera ndithera pati? Thandala, mthiko, kasha, ngakhale bedi logonapo ana, zonse zinali manja awo. Ndikanatsala m'nyumba yopanda kanthu. Ndinapatsa kaderayo mayi wina woyembekezera wa kutsidya kwa mtsinje, zinazo ndinazisiya mmene zinalili. Chitseko cha khitchini tinachimangirira ndi waya ine ndi mng'ono wanga, mbali imodzi yosalala, ina yokhakhala.

Papita zaka tsopano. Chaka chatha ndinakumana kuchigayo ndi bambo wina wogula mbuzi amene amayenda mpaka ku Malowera. Sindinafunse, anayamba yekha. Anati amuna anga aja ali moyo, ana kumeneko alipo atatu, koma zamatabwa anasiya. Mkaziyo anagula makadera apulasitiki kuloja, ati ndiwo opepuka kutsuka, ndipo zipalo zimamudetsera pabwalo. Serote inachita dzimbiri, ana amaseweretsa pulaina ngati galimoto.

Ndinkayesa kuti nkhani yotere idzandisangalatsa. Ndinasenza ufa wanga, ndinatsanzika, koma panjira misozi inkangotsika yokha. Munthu uja analibe chilankhulo china koma matabwa. Ndinkangomuona ali khale pakhonde la eni, pakadera yapulasitiki, manja ali pamaondo.