Pasaka wopanda usipa

Pasaka amagwa Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pambuyo pa 21 Malichi. N'chifukwa chake tsiku lake limayendayenda, koma mwezi kumwamba umakhala ukuwala ndithu. Usipa nawo sulabadira nyali za asodzi mwezi ukawala.

Mfundo yachiwiriyi ndinaidziwa chaka changa choyamba ku Nkope, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa kuchokera kwathu ku Dedza. Mpingo unasankha nyumba yanga kuti ansembe adzadyereko Lachisanu Loyera. Tsikuli timakumbukira imfa ya Yesu ndipo sitidya nyama. Sindinade nkhawa. Munthu wokhala m'mbali mwa nyanja angasowe nsomba?

Lachinayi m'mawa ndinatsikira kudooko ndi beseni, khadi la chipani, lomwe masiku amenewo ankafunsa paliponse, lili pa mfundo ya chitenje. Mabwato anali pamtunda, mathandala oyanikapo nsomba ali mbee. Asodzi ankasoka maukonde, ena akusewera bawo. Chambo chochepa chimene chinakodwa chinali chitapita kale ku hotela ya ku Makokola.

Pobwerera ndinakumana ndi neba wanga, mayi wachisilamu, mkazi wa msodzi. Anasuzumira m'beseni n'kuseka.

"Aphunzitsi, mwezi wonsewu mukufuna usipa? Simuyang'ana kumwamba?"

"Mawa ndili ndi ansembe, aneba, ndipo nyama n'njoletsedwa. Ndiwapatsa chiyani, nkhwani?"

"Nanga bwanji osadikira mdima?"

Ndinawafotokozera kuti tsikulo silisuntha, chifukwa Pasaka amatsata mwezi wathunthu chaka chilichonse.

"Chaka chilichonse?" anatero, atagwira m'chiuno. "Ndiye mumasiya nyama sabata yomwe nsomba kulibe! Amene anakonza zimenezi sanali wa kunyanja. Ife timadikira kamwezi katsopano, tikamamasula kusala kwathu kwa Ramadani usipa uli mbwee."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la usipa wouma wa mwezi watha. Anandiuza kuti ndiuviike m'madzi ofunda, ndichotse mitu, ndithire nsinjiro. Mawa lake ansembe anadya n'kupempha wina. Anati anthu a ku Dedza tikuphunzira msanga, ine osatsutsa.

Loweruka ndikubweza lichero, aneba anafunsa ngati kusalako kwatha.

"Kutha mawa. Yesu anauka Lamulungu, ndiye timaimba ndi kudya. Ndipha tambala uja amakuvutani pamphale."

"Musaphe nokha, mungandimane," anatero. Msilamu sadya nyama yozingidwa ndi Mkhristu. "Abambo abwera ndi mpeni wawo musanapite kutchalitchi. Ine ndibwera ndi mpunga."