Banki Itawatchula Bambo Anga Kuti Wokondedwa

Bambo anga anali kapitawo pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale atapuma ntchito ankayankhulabe ngati kutsogolo kwawo kwaima mzere wa anthu othyola tiyi. Ndinawagulira foni n'kuwatsegulira imelo, koma miyezi inadutsa popanda wowalembera.

Tsiku lina ndikuweruka ku kiliniki ya pa esiteti, komwe ndimagwira unamwino, ndinawapeza pakhonde atakhala mowongoka, magalasi ali pamphuno.

"Tabwera kuno. A banki andilembera."

Imeloyo inali ndi chizindikiro cha banki yawo, mitundu yake yomweyo. Inayamba ndi mawu akuti kasitomala wokondedwa, kenako n'kunena kuti akaunti yomwe amalandirirako penshoni itsekedwa mawa lake ngati sadina pamene panali pofiira n'kulembapo nambala yawo yachinsinsi.

"Ababa, mwadinapo kale?"

"Zala zangazi n'zazikulu, zikungophonya. Dina ndiwe."

Ndinayang'ana adiresi ya wotumiza. Dzina la banki linali ndi chilembo chimodzi chowonjezera, ndipo kumapeto kwake kunali manambala osadziwika mutu wake. Ndinawaonetsa.

"Aliyense amalakwitsa polemba," anatero. "Kalaliki wa ku fakitale ankalakwitsa dzina langa mpaka tsiku lomwe ndinapuma."

Amayi ankasankha nandolo m'lichero chapafupi pomwepo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Banki yomwe imakuimikani pamzere mpaka miyendo kutupa ija, lero yati ndinu wokondedwa? Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, mawu amenewo sindinawamvepo pakhomo pano."

Bambo anavula magalasi, n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali. Kenako analamula kuti mawa m'mawa tipite kuboma, akawafunse a bankiwo pamaso.

Tinakwera minibasi nkhungu idakali pamwamba pa minda ya tiyi. Ku banki tinaimadi pamzere. Mayi wa pa kauntala atawerenga imeloyo anapukusa mutu.

"Bambo, izi ndi mbava. Ife sitifunsa nambala yachinsinsi, kaya pa imelo kaya pa foni. Ngakhale ineyo nditakufunsani, mundikanize. Ikabwera ina yokufulumizitsani chonchi, musadine paliponse. Bwerani kuno, kapena imbani nambala yomwe ili kuseri kwa khadi lanu."

"Ine ndimadziwa kale," Bambo anayankha mosaphethira. "Ndimafuna mwanayu adzimvere yekha."

Mayiyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

Pobwerera m'minibasi Bambo anakhala moyandikana ndi mkulu wina wa ku Thekerani yemwe ananyamula nkhuku m'manja. Anamufotokozera zonse, kuyambira chilembo chowonjezera chija mpaka mmene mwana wawo wamkazi, namwino wathunthu, anatsala pang'ono kudina.

"Koma ine imelo ndilibe, achimwene," anatero mkuluyo.

"Mudzakhala nayo. Mvetserani."

Anayambiranso poyamba, ndipo tinapitirira siteji yathu.