Makaneshoni a Mwana Amene Sindinamuone

Mwana wathu woyamba sindinamuone. Anabadwa atafa kale ku chipatala cha pa boma, mwezi wa Malichi, ine ndili pa benchi panja. Amene ankadikirira mkazi wanga anali apongozi, mayi ake omubereka, ndipo ndi iwo amene anatuluka ndi kamtolo kokulunga m'chitenje. Atandiona anapatukira kuseri kwa khoma monga mwa masiku onse, poti mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana. Namwino ndiye anabwera kudzandiuza, n'kuwonjeza kuti anali wamkazi. Ndinati zikomo. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinkathokoza.

Mwana wotere amati mtayo, ndipo mtayo salira. Palibe siwa, palibe nyimbo, amuna safikako. Amayi akuluakulu amangonyamula kamtoloko kupita nako m'mphepete mwa manda n'kukumba kadzenje kosazama, akuti kakazama mayi sadzaberekanso. Pamene ndinkafika kumudzi, kumtunda kwa Matandani, kudzatenga zovala za mkazi wanga, zonse zinali zitatha. Apongozi anali pakhonde pawo akupeta nyemba.

Kwathu ndi ku Ligowe, kuno ndinangokwatira. Nyumba ndinamanga pa malo a akazi, munda ndimalima wa akazi, ndipo mkamwini wanzeru amadziwa polekezera pakamwa pake. Choncho funso langa ndinalisunga. Linali limodzi lokha: mwana wanga anamuika pati?

Chisoni chimene anthu amanena sindinachimve. Ndinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukuuona kuti ndi wako ndithu, koma ukautsina sumva kanthu. Ndinkadya bwino, ndinkagona bwino. Anthu ankandiuza kuti madzi akatayika sawoleka, ena n'kumati tidakali ana, tidzabereka ena, ine n'kumavomera zonsezo ngati ndikuvomera moni. Mkazi wanga atatuluka m'chipatala ankamanga mabere ndi nsalu chifukwa mkaka unkangotuluka. Nayenso malowo sankawadziwa, mayi wa mtayo saloledwa kupitako. Nditamufunsa tsiku lina ngati anamvako, anangondifunsa kuti ndikufuna ndikatani kumeneko. Ndinapita kukakolola chimanga.

Mu Juni ndinakwera lole ndi madengu a manachesi kupita ku Blantyre. Nditagulitsa, pobwerera kokwerera galimoto, ndinadutsa m'mbali mwa msewu pamene anthu amandandalika mbande za maluwa m'machubu akuda. Panali azimayi ena ovala bwino akusankha maluwa a nkhata ya maliro. Ndinaima n'kumawayang'ana mpaka atapita. Wogulitsa atandifunsa chimene ndikufuna, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti maluwa oti akadulidwa safota msanga. Anandionetsa ena m'botolo la madzi, a m'mphepete mwa manomano ngati nsalu yodula ndi sizasi yobuntha, onunkhira ngati zokometsera za m'sitolo ya amwenye. Anati dzina lake ndi makaneshoni, ndipo amatha masabata ali chilili.

Akanandigulitsa odula kale, koma amenewo akanafuna kuti mawa lomwelo ndidziwe kopita nawo. Ndinagula mbande. Mbande zinkandipatsa miyezi ingapo ndisanafunse munthu aliyense.

Bamboyo analankhula zambiri za kasamalidwe kake. Za dzuwa, za mchenga, za madzi, za kutsina nsonga. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, phula n'kudyabe, chifukwa makutu anga masiku amenewo ankangodutsitsa mawu. Machubuwo ndinawakhazika m'dengu lopanda kanthu n'kuliika pamiyendo ulendo wonse, lole ikudumpha m'mabampu, fumbi lili koboo.

Ndinadula zigubu zakale za mafuta ophikira n'kubzalamo kuseri kwa nyumba. Ine ndi munthu wa kudimba, ndinakulira pa tomato ndi mpiru, ndipo chimene ndimadziwa n'chakuti mbewu ukaikonda umaipatsa madzi ndi fetereza. Ndinazamitsa mbandezo monga timachitira ndi tomato, n'kubandira dothi kutsinde ngati chimanga, n'kuthira kafetereza kotsala m'thumba. Madzi m'mawa, madzi madzulo. Pasanapite nthawi ziwiri zinachita chikasu, ndipo nditagwira imodzi inangozuka yokha, patsinde pataola pali tepetepe. Ndinaziyang'ana kanthawi n'kukazitaya kudzala. Sindinadandaule, ndinangoona kuti zigubu ziwiri zatsala zopanda kanthu.

Apo ndi pamene mawu a wogulitsa uja anayamba kubwerera pang'onopang'ono. Zotsalazo ndinazizula bwinobwino, n'kuboola pansi pa zigubu ndi msomali wamoto. Ndinakatapa mchenga kumtsinje, n'kusakaniza ndi dothi, phulusa pang'ono ndi manyowa a mbuzi owolerana. Ndinabzala pamwambamwamba, mizu yokha ndiyo yokwiririka. Madzi ndinayamba kuthira ndikapisa chala n'kupeza kuti m'kati mwauma, ndipo ndinkathira patsinde, osanyowetsa masamba. Nkhuku zitayamba kupalasamo ndinamanga kathandala n'kukweza zigubuzo pamwamba, mozungulira n'kutchinga ndi minga kuopa mbuzi.

Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, sakanalola zoterezi kungodutsa. Ankaima ndi ndowa pamutu n'kumafunsa ngati ndiwo zimenezi n'zotendera kapena zokazinga, ine n'kumati zikapsa ndidzawaitana ndi mbale yawo. Pa bawo amuna anzanga ankati akamwini ayamba chizungu, posachedwa tiwaona akuyenda ndi galu pachingwe. Ndinkaseka nawo. Kuseka sikunkandivuta, kunkangochokera pakamwa basi. Palibe amene anafunsa kuti maluwawo ndi a chiyani, ndipo ine sindinauze munthu.

Chimene chinandikanika ndi kutsina nsonga. Wogulitsa ananena kuti mbande ikatalika pang'ono uzidula kumutu ndi zala kuti iphukire nthambi m'mbali, apo ayi imangokula kamtengo kamodzi kowonda. Ndinkafika pathandala ndi cholinga chimenecho, n'kugwira nsonga, n'kuisiya. Mawa chimodzimodzi. Masamba ake ndi opyapyala, otuwa ngati awazidwa ufa, ndipo mbewuzo zinayamba kutalika n'kumawerama. M'mawa wina ndinapeza zonse zitadulidwa kumutu, nsonga zili mbwee pansi pa thandala. Mkazi wanga anali akutsuka mbale, chikhadabo cha chala chachikulu chitabiriwira.

“Mumangoziyang'ana,” anatero, osadzutsa mutu.

Sindinamuuzepo za kutsina, mwina ankandiona ndikugwira n'kusiya. Sindinamuuzeponso kuti maluwawo ndi a ndani, koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti akudziwa. Nkhaniyo sitinaipitirize. Patapita masabata angapo mbewu iliyonse inatulutsa nthambi m'mbali, ndipo ndinazimangirira ku timitengo ta nsungwi ndi luzi.

Njira ya apongozi yopita ku mjigo imadutsa kuseri kwa nyumba yathu. Akamayandikira ankatsokomola kuti ndimve, ine n'kulowa m'nyumba mpaka adutse. Zinali choncho kuyambira tsiku limene ndinalowa m'mudzi muno, ndipo sikunali kudana, ndi ulemu umene tinaupeza. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mwana wawo, nane chimodzimodzi. Koma tsopano ndikalowa m'nyumbamo ndinkaima pawindo n'kumayang'ana msana wawo ukupita. Munthu mmodzi yekha pakhomo pano ankadziwa pamene pali mwana wanga, ndipo anali munthu amene sindikanatha kumuyang'ana kumaso.

Chilimwe chinafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Zigubu ndinazisunthira kumene dzuwa limawomba m'mawa mokha. Nsabwe za m'masamba zitaunjikana kunsonga ndinazitsuka ndi madzi a sopo. Kenako panatuluka timitu tobiriwira, tolimba, timene tinakhala osamasula mpaka ndinayamba kuganiza kuti bambo uja anandigulitsa udzu. Moto wa osaka mbewa unadutsa m'tchire monse, mapiri n'kuda bii. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, duwa loyamba linamasula. Linali lapinki. Ine miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti ndinagula oyera, koma sindinakhumudwe, ndinangoti kani ndi apinki.

Tsopano maluwa analipo, koma ine ndinali ndisanafunsebe. Oyambawo ndinawasiya mpaka anafota pamtengo pomwepo. Anatenga nthawi kuti afote, wogulitsa uja sananame. Ndinkawathirira, n'kumachotsa masamba ouma, n'kumadziuza kuti ndidikire amasule ambiri. Atamasula ambiri ndinati ndidikire tithane ndi kubzala. Mkazi wanga ndiye anatopa nazo. Anati ndikasiyanso amenewa afote adzazula zonse n'kupatsa mbuzi. Ndinamupempha kuti akandifunsire kwa amayi ake monga mwa nthawi zonse, koma anakana. Anati iye analetsedwa ngakhale kutchula za mwanayo, ndipo akuopa, akufuna adzaberekenso. Ngati ndikufuna ndipite ndekha. Ndinamupsera mtima pang'ono, koma sindinamuone kulakwa.

M'mawa mwake ndinadula onse omasula ndi lezala, mapesi ataliatali, n'kuwamanga pamodzi ndi luzi. Pakhomo pa apongozi ndi pafupi, munthu akayetsemula kumeneko timamva, koma ndinali ndisanapiteko ndekha chikwatirire. Ndinanjuta chapatali pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumbali, n'kuomba m'manja. Iwo anali m'khitchini. Ndinamva akusiya chimene ankachita, n'kuyankha ali m'kati momwemo. Tinapatsana moni, ine ndikulankhula ndi nkhokwe, iwo akulankhula ndi khoma.

“Amayi, ndabwera ndi pempho,” ndinatero. “Kumene kuli mwana kuja sindikufuna kupitako, ndikudziwa kuti sikwathu amuna. Ndimati mukandiikireko maluwa awa basi.”

Ndinakhalabe chinjutire mpaka miyendo inayamba kundipweteka. Kenako anati chibadwire sanaonepo maluwa pa mtayo, ndipo anthu akamva adzati mwana wawo wakwatiwa ndi munthu wosalangidwa. Ndinati ndamva. Sindinanyamuke, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma sindinkadziwa kuti ndikanyamuka maluwawo ndipita nawo kuti. Anatsokomola, n'kunena kuti ndiike pa mtondo ndizipita.

Ndili pawindo la kwathu ndinawaona akutuluka. Anatenga maluwawo n'kuwabisa m'kati mwa chitenje, khasu paphewa, ngati munthu wopita kumunda. Nanenso ndinatenga langa n'kupita kukapakiza chimanga m'mapando amene sichinamere. Ndinagwira ntchito bwinobwino. Ndinkayembekeza kuti mwina ndimva kanthu, kupepuka kapena chiyani, koma ndinkangomva njala.

Dzuwa lili pamutu ndinamva kutsokomola kumalire a munda. Ndinayang'ana kothawira, koma pamunda palibe nyumba yolowamo. Apongozi anali ataima pa mzere womaliza, atandifulatira, akuyang'ana kuphiri. Sanatume munthu, anabwera okha.

“Akamwini, ndapitako,” anatero. “Koma ndisakunamizeni. Ndinaika kamwala tsiku lija kuti ndizidziwa, sindinakapeze. Moto unadutsa, mvula nayo yasalaza ponse. Ana a anzathu aliponso ambiri pamenepo, eti. Ndiye ndamasula luzi lija, ndaika limodzilimodzi paliponse pamene ndimakayikira. Lina lagwera pa wanu.”

Powamva, ndinazindikira kuti mayi ameneyu, amene anakumba yekha dzenje la mdzukulu wake, nayenso sanaloledwe kulira. Pamenepo chinandipweteka, koyamba chichokere Malichi. Mbewu zinatayika m'manja. Ndinafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'kufunsa ngati maluwawo anakwanira.

Anati ayi, malo awiri atsala opanda.

Ndinawauza kuti pali timitu tina timene timasule sabata yamawa. Iwo anakonza chitenje paphewa, osacheuka, n'kunena kuti ndidzaike pa mtondo pomwepo.