Tsiku Limene Nankau Anameta Mwana Wake

"Ndiye mukuti ndimumete ine? Ndi dzanja langa lomweli?" anafunsa Nankau.

"Iwe si wometa kodi?" anayankha Mahanti Tungnath Giri, mmodzi wa atsogoleri a gulu lachipembedzo, maso ali pa foni. "Kapena unasintha ntchito osatiuza?"

"Maharaji, uyo ndi mwana wanga."

"Anali wako. Lero ndi mutu ngati mitu inayo. Ilipo mazana atatu, ndipo dzuwa silikudikira. Nola lumo."

Nankau anatembenuka kuyang'ananso pamzere, mwina maso amunamiza. Pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Ganga, amuna anali atanyonyomala mizere isanu ndi umodzi, aliyense ndi kansalu kamodzi m'chiuno, mano akugwedera ndi chisanu cha Januwale. Onsewo amadikira kumetedwa kuti asiye makomo awo, akhale asadu, amuna osiya zonse za dziko n'kudzipereka kwa mulungu wawo. Mumzere wachiwiri munali khosi limene Nankau akanalizindikira ngakhale pakati pa makosi miliyoni. Anali Lavkush, mwana wake mmodzi yekhayo, amene anachoka pakhomo ku Jhunsi miyezi isanu ndi iwiri yapitayo akunena kuti wapeza ntchito ku fakitale ya nsalu ku Surat.

Nankau anabadwira mu lumo. Agogo ake ankameta asadu a gulu limeneli, bambo ake chimodzimodzi, ndipo iye, pa zaka zake makumi asanu ndi limodzi, uwu unali msonkhano waukulu wachipembedzo wachinayi kuwameta. Pakati pa misonkhanoyo, zaka khumi ndi ziwiri zathunthu, ankakhala pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi pokwerera mabasi, galasi atalikhomera pa thunthu, mpando wa miyendo itatu ndi njerwa. Mbiri ya gululi ankaidziwa kuposa asadu eni ake, chifukwa munthu akakhala pansi pa lumo, pakamwa pamamasuka. Ankadziwa kuti analiyambitsa ndi amuna onyamula malupanga, kuti kalekale ankamenyera mafumu nkhondo, ndiponso kuti anaphana ndi gulu lina chifukwa cholimbirana kuti ayambe kusamba mumtsinje ndani. Ankadziwa kuti pakamwa amanena kuti mwini gulu ndi mulungu wa pa mbendera yawo, koma makiyi a nyumba, minda ndi magalimoto amasunga akuluakulu asanu ndi atatu, osankhidwa pa msonkhano womwewu. Zonsezi ankazifotokoza monyadira kwa anthu odzameta ndevu, amene sakanatha kuthawa sopo ali kumaso.

Chimene sanafunsepo n'chakuti mitu imene ankametayo inkachokera m'nyumba za ayani. Akazi olira kuseri kwa mpanda wa nsungwi ankawaona msonkhano uliwonse. Ankawaona monga mmene amaonera ogulitsa tiyi: anthu amene sasowa pamalo otere.

"Maharaji," anatero Nankau, "lamulo lanu ndi zaka zitatu. Munthu atumikire zaka zitatu, atunge madzi, asonkhe moto, mumuone mtima, ndiye ametedwe. Uyu ngakhale chaka sanakwanitse."

Apa mahanti anachotsa maso pa foni.

"Tamverani, wometa akutiphunzitsa malamulo."

"Bambo anga anabwezapo anthu pamchenga pomwe pano chifukwa cha lamulo limenelo. Amene anakumetani inu, anakumetani mutatha zaka zinayi. Ndinalipo, ndinagwira mbale ya madzi."

"Lamulo limasungidwa ndi akuluakulu asanu ndi atatu. Ukakadandaule kwa iwo."

"Amene muwasankhe Lachinayi?"

Mahanti anamwetulira.  Ngakhale agalu a pamsasapo ankadziwa kuti Lachinayi akakhala pansi pa mbendera kugawana mipando, wa ophunzira ambiri ndiye adzalankhule mokweza. Tungnath Giri anali atasowa mpando kawiri. Ulendo uno anatola aliyense wokhala ndi mutu.

Nankau anasiya bokosi lake pansi, n'kudutsa pakati pa mizere, akuponda zala za anthu osapepesa.

"Dzuka. Tiye kunyumba."

Lavkush sanadzutse mutu. Anali ataonda, nthiti zili mbee.

"Bambo, chonde musandichititse manyazi."

"Manyazi? Wakhala pamchenga matako ali pamtunda, ukundiuza ine za manyazi? Ku Surat n'kuno?"

Oyandikana naye anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

"Ndinatopa, Bambo. Mayeso a ntchito ya boma ndinalemba kasanu. Kasanu! Lumo munati usaligwire, iwe waphunzira. Ndiye ndinali chiyani? Munthu wodya mpunga wa bambo ake, mkazi akundiyang'ana. Kuno ndapeza mtendere."

"Mtendere unausiya kunyumba, khanda lako lija. Wamera mano awiri, wayamba kukwawa, sukuudziwa n'komwe. Nanga mkazi wako Ranjana ndikamuuze chiyani? Tsiku ndi tsiku amapukuta foni ija ngati ikapukutidwa ilira."

"Mukamuuze kuti ndinafa. Pofika masana zikhala zoona."

 Nankau anawerama, n'kulankhula motsitsa, chifukwa ichi sichinali cha makutu a anthu.

"Amayi ako atamwalira, unawayatsira moto wotentha mtembo ndiwe. Ine ndikafa, adzandiyatsire ndani? Msadu sagwira mtembo wa kwawo, ukudziwa. Ndidzapse ndi moto wa munthu waganyu, ngati wofera panjira?"

"Zanu ndikonzeratu lero, Bambo. Simudzasowa kanthu."

Dzanja la Nankau linanyamuka lokha, koma ndodo yasiliva inalitchinga m'mwamba. Anali mlonda wa gululo, chimsadu chodzola phulusa thupi lonse, tsitsi atalikulunga pamutu ngati nkhata.

"Madala, pano samenya. Mete kapena choka."

"Sindimeta."

"Chhedi!" anakuwa mahanti ali pa mpando wake wapulasitiki. "Bwera kuno, yambira mzere wachiwiri."

Chhedi! Mwa ometa onse makumi awiri amene anali pamchengapo, anasankha Chhedi, munthu amene amameta alendo pasiteshoni, lezala limodzi mitu khumi, madzi ake malovu. Anabwera akuthamanga, akutafuna fodya.

"Pepanitu, atsibweni," anatero kwa Nankau, mano ofiira ali poyera. "Ntchito ndi ntchito."

Anagwira mutu wa Lavkush ngati akugwira dzungu pamsika, n'kukoka lumo pouma. Tsitsi linalira kuti khwee. Anakokanso. Kachitatu, kuseri kwa khutu kunatuluka kamzere kofiira, n'kutsetsereka pakhosi. Lavkush sanalire, anangotsinzina kwambiri.

Nankau anapirira mpaka pamenepo.

"Iwe Chhedi, ukumeta munthu kapena ukulambula msewu? Choka apo!"

Anamukankha ndi phewa, Chhedi n'kugwa chagada pamchenga, anthu n'kuseka. Nankau anatsegula bokosi, n'kunola lumo pa chikopa, uku ndi uku, mpaka linathwa. Anatunga madzi m'manja n'kunyowetsa mutu wa mwana wake, akuusisita pang'onopang'ono kuti tsitsi lifewe. Mahanti, patali, anabwerera ku foni yake. Ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti zidzatha motere, ndipo chimenecho chinamupweteka Nankau kuposa zonse.

Mutu umenewu anaumeta koyamba uli wa chaka chimodzi, m'mbali mwa mtsinje womwewu, mwana akulira pamiyendo ya amayi ake, azakhali akuimba. Tsopano lumo linkavundukula zimene tsitsi linabisa zaka zonsezi: chipsera cha tsiku limene anagwa mumtengo wa gwafa, kachidikha pankhongo kofanana ndi kake. Anameta mosathamanga, osasiya ngakhale kachitsa. Paliwombo anasiyapo katsumba, monga mwa mwambo, chifukwa kameneko sadula wometa. Amadula mphunzitsi yekha pansi pa mbendera, ndipo kakangogwa, munthu alibenso bambo, mkazi kapena dzina.

"Katsumba aka kakadalipo," ananong'ona. "Ukadali wanga. Basi ya ku Jhunsi ili kutsidya uko. Palibe amene adzakufunse kanthu, ndikulumbira."

"Mwandimeta bwino, Bambo," anatero Lavkush. "Sindinamve kuwawa."

Anangonena zomwezo.

Nankau anafuna kunyamula bokosi n'kumapita, koma wotsatira anali ataweramitsa kale mutu, ndipo Chhedi anali atayambanso kusendera pafupi. Anameta. Koma asanaike lumo, anafunsa funso limene sanafunsepo chiyambire ntchitoyi.

"Iwe, kwanu wasiya ndani?"

"Palibe."

"Bodza. Unaphuka m'nthaka ngati bowa? Wasiya ndani?"

"Amayi."

"Akudziwa?"

Munthuyo anapukusa mutu. Wotsatira anasiya mkazi ndi ana atatu ku Rewa. Wina anasiya mlandu kupolisi. Wina, nkhalamba yopanda mano, anati ana ake anamuthamangitsa okha, ndipo kunoko kuli chakudya kawiri pa tsiku. Mmodzi yekha anayankha maso ali gwa kuti anatumikira zaka zisanu ndi ziwiri ndipo amayi ake anamuperekeza okha mpaka pachipata. Ameneyo Nankau anamumeta osatsonya.

Dzuwa litafika paliwombo, anawatsitsira kumadzi. Aliyense anamupatsa tsamba lokhala ndi timibulu ta mpunga khumi ndi tisanu ndi tiwiri, nsembe ya akufa. Khumi ndi tisanu ndi timodzi n'ta makolo ndi abale, omwe anapita ndi omwe akadali moyo, kuti pasatsale ngongole ya maliro kwa wina aliyense. Kotsiriza n'ka mwini wake. Nankau anali ataonerera zimenezi kangapo konse, akutsuka lumo, nthawi zina akuyasamula.

Wansembe anakuwa pa chimkuzamawu kuti aliyense atchule dzina la agogo ake. Panamveka chiphokoso cha maina. Kenako anati atchule la bambo ake.

Pakati pa maina mazana atatu, Nankau analimva lake, lomveka bwino, m'mawu amene anawaphunzitsa yekha kulankhula. Anaona kambulu ka mpunga kakuchoka m'dzanja la mwana wake n'kumira.

"Ndili pano!" anakuwa, akulowa m'madzi ndi nsapato zomwe. "Iwe galu, ndili pano! Ndikupuma! Ukundiika ndili chilili?"

Mlonda uja anamugwira m'chiuno n'kumubweza kumtunda ngati thumba la mankhusu. Asadu amene anali kuwotha moto pafupi anagwa nako kuseka.

"Madala, mwayi wanu umenewo!" anatero mmodzi, akupukusa chikololo. "Anzanu amafa osaona maliro awo. Inu mwaonerera, komanso mukadya nawo!"

Kambulu kotsiriza sanakaone. Anali atatembenuka, akumanga bokosi ndi chingwe, mfundo ikukanika.

Mahanti anadutsa pafupi, anthu awiri atamugwirira ambulera.

"Mutu wa mnyamata uja wametedwa bwino kuposa yonse, Nankau. Dzanja la bambo ako lija. Usalire, wapereka mwana kwa Mulungu."

"Kwa Mulungu ndikanapereka ndi manja awiri, Maharaji. Koma Mulungu safuna mpando Lachinayi."

Ogwira ambulera anayang'ana pansi. Nkhope ya mahanti inauma.

"Msonkhano wotsatira tidzaitana Chhedi."

"Muitaneni. Mukuyenerana."

Anawoloka pa mlatho wa migolo, akulimbana ndi khamu la anthu opita kukasamba, nsapato zikulira madzi.  Wometa amalowa nyumba iliyonse ya maliro, ndiye ankadziwa bwino lomwe chimene chikubwera. Chhedi sasunga nkhani. Pofika mawa, amayi a m'mudzi adzasonkhana pakhomo, nkhope zachifundo, mwala uli m'manja. Adzati mwamuna amene wadzichitira yekha nsembe ya akufa ndi wakufa, choncho Ranjana atambasule mikono amuphwanyire zibangili, amupukute ufa wofiira wa pamutu wosonyeza kuti ndi wokwatiwa, avale zoyera. Mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, akhale wamasiye wa munthu amene akudya kawiri pa tsiku kutsidya kwa mtsinje.

Kumapeto kwa mlatho kunali mayi wina atayala malonda pa chiguduli: zipeso, timagalasi, mikanda, zibangili zagalasi zomangidwa m'mitolo. Nankau anaima.

"Zofiirazo. Mtolo wonse."

"Dzanja lake ndi lotani, agogo? Lalikulu, laling'ono?"

Nankau anapinda zala kuyerekeza mkono umene umamupatsira tiyi m'mawa uliwonse.

"Ee, kadzanja ka mkwatibwi," anatero mayiyo, akuseka. "Mwapeza wachiwiri pa ukalamba uno?"

"N'za mpongozi wanga. Amayi a m'mudzi akamuphwanyira zimene wavalazo, avala izi. Akaphwanyanso, ndidzabweranso."

Mayiyo anasiya kuseka. Anamuyang'ana, n'kuyang'ana kutsidya kumene mbendera zinali kukupiza.

"Mwamuna wake?"

"Ali moyo. Wangopusa."

Mayiyo anakulunga zibangilizo m'nyuzipepala, kawiri, n'kumanga ndi ulusi. M'bokosi Nankau sanaziike, poopa kuti zigundana ndi malumo. Anazilowetsa m'malaya, pachifuwa, n'kuzitchinga ndi mkono, ndipo njira yonse yokwera ku Jhunsi ankakankha anthu ndi chigongono, akukalipira aliyense womuyandikira kuti ayende moona, pali zosweka.